Maungu akachuluka, mwana agwire mthiko

Chaka chatha mu Meyi ndinatumiza thumba la chakudya kwa mwana wanga wamwamuna amene amagwira ntchito m'tauni. Ndinaikamo mbatata, maungu atatu, nyemba, mtedza ndi ufa wa mgaiwa. Mkazi wake anali atagonekedwa m'chipatala chifukwa pathupi pankamuvuta, ndipo pakhomo panatsala bamboyo ndi kamwana ka zaka ziwiri. Mtima wanga unali m'malo, poti ndinkadziwa kuti chakudya chilipo.

Nditapita kukawaona patatha masabata awiri, ndinapeza thumba lija lili pakona pomwe analitsitsira. Mbatata zinali zitayamba kuphuka, dzungu limodzi litaola. Masiku onsewo mdzukulu wanga ankamwa tiyi ndi banzi m'mawa, masana tchipisi cha pamsewu, madzulo mpunga wopanda ndiwo zenizeni. Ndalama zimene zikanathandiza kuchipatala zinathera pa chiwaya. Ndinakalipa kwambiri. Mwana wanga anandisiya mpaka nditamaliza, kenako anandifunsa mofatsa kuti, "Amayi, munandiphunzitsa liti?"

Ndinasowa choyankha. Ndine ndemwe ndinkamuthamangitsa akayandikira pamoto, ndi mawu aja tonse timawadziwa akuti mwamuna sakhala kukhitchini. Alongo ake ndinawaphunzitsa, iye ndinkangomupakulira.

Amayi anzanga, palibe munthu amene amabadwa akudziwa kuphika. Ndi luso lochita kuphunzitsidwa, ngati kuwerenga kapena kusoka. Maganizo anga ndi akuti mwana aliyense, wamkazi ndi wamwamuna yemwe, asamachoke pakhomo pathu asanadziwe kuphika zakudya zochepa zimene zimasunga moyo. Ndipo nthawi yabwino yomuphunzitsira ndi ino ya masika.

Tiyambe ndi funso lakuti bwanji masika. Mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zagona ndipo ufa tikugula wa m'timapepala, palibe mayi amene angapatse mwana wa zaka khumi mthiko. Akapsereza mphika umodzi ndiye kuti banja lonse ligona ndi njala. Nthawi imeneyo mayi amaphika yekha, ndipo sitingamunene. Koma kuyambira mu Epulo mpaka mu Juni zinthu zimasintha. Maungu ali mbwee m'munda, mbatata zikukumbidwa, mtedza uli pa mkeka, nyemba zauma, mkhwani ndi chitambe zikadalipo. Mwana akaononga dzungu limodzi, lina lili pakhonde. Kulakwitsa kumatchipa nthawi ya masika, ndipo palibe amene amaphunzira kuphika osalakwitsa.

Chinanso n'chakuti masika amatsogolera kuzizira. Mu Juni ndi Julayi mwera ukayamba kuomba, kapena chiperoni chikaphimba madera a Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, thupi limafuna chakudya chotentha chokhalitsa m'mimba. Mwana amene wadya futali kapena phala la nsinjiro m'mawa amafika masana ali ndi mphamvu m'kalasi. Amene wamwa tiyi wopanda mkaka ndi kabanzi, pofika nthawi yopuma njala yamupeza kale.

Nkhaniyi si ya kukoma kokha. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Sindikukana kuti umphawi ndi njala zili pakati pa zifukwa zake zazikulu. Pali mabanja amene ngakhale masika sakolola kanthu, ndipo amenewo kuwauza za kaphikidwe n'kuwanyoza. Koma tisanamizane: palinso makomo ambiri kumene chakudya chimakhalapo nthawi ino, koma mwana amadyabe nsima ya ufa woyera ndi ndiwo zothira mchere wokha, tsiku ndi tsiku. Mtedza wapita kwa mavenda, maungu aperekedwa kwa nkhumba, masamba aumira m'munda.

Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zanyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi mafuta. Ambiri timawaloweza bwino pamsonkhano, koma tikafika kunyumba timaganiza kuti zimenezo ndi za anthu a ndalama. Taonani mbale imodzi ya masika. Mbatata ndi chokhutitsa, nsinjiro ndi za gulu la nyemba ndipo zili ndi mafuta ake. Muikepo mkhwani pambali, pamwamba pake nachesi kapena gwafa, mwafika kale patali osapita kugolosale. Mukapeza kambale ka usipa kapena dzira, magulu akwanira. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi munthu wodziwa kuziphatikiza.

Ndiye mwana aphunzire chiyani? Ife tikati mwana wadziwa kuphika timatanthauza kuti akutha kuvundula nsima. Nsima ndi yofunika, ndipo aiphunzire, kuyambira pa kamphika kakang'ono kamene dzanja lake lingakwanitse. Koma nsima yokha simulera munthu. Pali zinthu zina zisanu zimene ndikuona kuti mwana wa zaka khumi ndi ziwiri angazidziwe masika amodzi okha.

Choyamba ndi moto ndi manja. Asanagwire chakudya asambe m'manja ndi sopo. Adziwe kukoleza moto, kukhazika mphika pa mafuwa osapendekeka, kuchepetsa moto posolola nkhuni, ndi kutalikitsa ang'ono ake pamene madzi akuwira. Ngati pakhomo pali chitetezo mbaula, aphunzirire pamenepo, chifukwa mphika umakhazikika bwino ndipo nkhuni sizitha zambiri. Adziwenso chinthu chimodzi chimene chimapha anthu nyengo yozizira: mbaula ya makala siilowa m'chipinda chotseka mazenera. Mpweya wa makala sununkha ndipo suoneka, koma umapha munthu ali m'tulo.

Chachiwiri ndi phala. Ichi ndicho chikanapulumutsa mdzukulu wanga ku mabanzi. Phala labwino ndi la mgaiwa, chifukwa chimanga chikakonoledwa ndi kuviikidwa, zambiri zomanga ndi zoteteza thupi zimapita ndi gaga ndi madzi. Mwana adziwe kusungunula ufa m'madzi ozizira pang'ono asanathire mu owira, kuti pasakhale timibulu. Phala likayamba kuwira athiremo masupuni awiri a nsinjiro pa mbale ya mwana mmodzi, ndipo alisiye lipse. Likuni Phala amene timamudziwa tonse amapangidwa makamaka ndi chimanga ndi soya, ndipo kunyumba tingapange zofanana nazo: makapu anayi a chimanga, kapu imodzi ya soya wokazinga, kukagayitsa pamodzi. Soya ayenera kukazingidwa kapena kuwiritsidwa kaye, chifukwa wamuwisi sagayika bwino m'mimba. Ndipo phala la mwana wamng'ono likhale lolimbirako, loti likhoza kukhala pa supuni osayenderera. Phala lamadzimadzi limadzaza kamimba msanga mwana asanapezemo mphamvu zokwanira.

Chachitatu ndi futali, mfumu ya zakudya za masika. Palibe chophweka kuposa ichi. Mwana asende mbatata, azidule, azitsuke, aziike mumphika ndi madzi osafika pomiza. Zikafewa athire nsinjiro ndi mchere pamwamba, avundikire, achepetse moto kwa mphindi khumi, kenako atakase. Akamaphika wa maungu madzi achepe kwambiri, chifukwa dzungu limatulutsa madzi ake. Amene muli ndi mbatata zofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira, Mathuthu kapena Anaakwanire, muli ndi chuma. Mbatata zimenezi, pamodzi ndi maungu achikasu kwambiri, zimapatsa thupi vitamini A amene amateteza maso ndi kuthandiza mwana kulimbana ndi matenda. Vitamini ameneyu amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta, ndipo mafutawo ali kale mu nsinjiro. Agogo athu sankadziwa dzina la vitaminiyo, koma anaphatikiza zinthu zoyenerana.

Pa nsinjiro pali phunziro lina limene ife akuluakulu tomwe timalakwitsa. Tikamasankha mtedza, wabwino timagulitsa, wonyala, wofumbwa ndi wosintha mtundu timati wa nsinjiro. Mtedza woterewu ndi umene kawirikawiri umakhala ndi chuku, ndipo chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi pang'onopang'ono. Kukazinga kapena kuwiritsa sikumutha. Mwana aphunzire kukhala ndi lichero pamwendo, kutaya mtedza uliwonse wokayikitsa, ndi kusinja wabwino wokhawokha. Wogula asadye bwino kuposa mwana wa mlimi.

Chachinayi ndi ndiwo zamasamba. Aphunzire kusadzula mkhwani, kuutsuka usanadulidwe, kuuika m'madzi ochepa amene awira kale, kuthira tomato ndi nsinjiro, ndi kuuphula ukadali wobiriwira. Masamba akaphikidwa nthawi yaitali m'madzi ambiri, kenako madziwo n'kutayidwa, mavitamini ambiri amapita nawo. Soda nayenso amaononga ena mwa mavitaminiwo. Ndikudziwa kuti therere lopanda soda kapena chidulo ambiri sitingalivomere, ndipo sindikufuna mkangano pa therere. Koma mkhwani wanthete, bonongwe, chisoso, kholowa ndi khwanya zimafewa zokha. Mwana asazolowere kuponya soda mumphika uliwonse ngati mchere.

Chachisanu ndi nyemba. Achinyamata ambiri a m'tauni samaphika nyemba chifukwa amati zimatha makala. Palibe amene anawauza kuti nyemba zimaviikidwa usiku. Zikagona m'madzi zimapsa msanga, nkhuni kapena makala zimapulumuka. Ziyenera kuwira mokwanira mpaka zifewe, chifukwa nyemba zosapsa zimapweteka m'mimba. Mnyamata amene akudziwa zimenezi akhoza kudya bwino sabata yonse ndi ndalama zimene mnzake amathera pa chiwaya masiku ochepa.

Pamwamba pa zisanuzi ndikanakonda tiwonjezere kufutsa, luso limene likutha m'maso mwathu. Masamba amene akutayika lero ndi omwe tidzawafune mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likaotcha madimba. Kufutsa sikuvuta: kuwiritsa masamba mphindi zochepa, kuwayanika pathandala kapena pa mkeka woyera pamalo opita mphepo, makamaka pamthunzi kuti asataye mtundu ndi mavitamini, kenako kuwasunga pouma. Kale tinkamanga zikwatu ndi masamba a msuku, lero chigubu chouma chotseka bwino chimagwiranso ntchito. Mwana amene wafutsa yekha chitambe mu Meyi n'kudzachidya mu Novembala waphunzira chinthu chimene buku silingamuphunzitse, choti chakudya cha mawa chimakonzedwa lero.

Tsopano tinene za kaphunzitsidwe kathu, chifukwa apa ndi pamene ambiri timagwa. Ife tinaphunzira poonerera amayi athu kwa zaka zambiri, tsiku lililonse. Ana a lero amakhala kusukulu, ena amapita kogonera komweko ali aang'ono, ndiye nthawi yoonerera ndi yochepa. Koma timawaphunzitsabe ngati kale. Mwana akafunsa kuti madzi akhale ochuluka bwanji timati, "Ungoona." Akafunsa za mchere timati, "Pang'ono." Akachedwa timamulanda mthiko n'kumuuza kuti ndi wopanda nzeru. Iye amachoka pamoto ali ndi manyazi, ndipo sabweranso.

Tiyeni tiwapatse miyeso. Kapu imene timamwera tiyi, supuni, chikhatho, zonsezi ndi miyeso. Tinene kuti pa mbatata zodzaza mphika uwu, madzi akhale makapu awiri, nsinjiro kapu imodzi. Akazolowera, diso lake lidzayamba kuyeza lokha monga lathu. Timupatse tsiku lake pa sabata, kaya Loweruka, loti aphike chakudya chonse kuyambira pokoleza moto mpaka potsuka mphika, ife titakhala pambali manja ali pamwendo. Ndipo chimene waphikacho tidye. Chikakhala chosakoma timuuze chimene chalakwika popanda kumuseka pamaso pa abale ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikudziwa zimene ena mukuganiza, chifukwa ndinazimvapo. Ena akuti mnyamata akazolowera kukhitchini anthu adzamuseka, akadzakwatira adzati anadyetsedwa khuzumule. Koma tayang'anani amene amakazinga tchipisi pamsika, amene amaphika m'malesitilanti ndi m'mahotela, amene amavundula nsima m'miphika ikuluikulu ya m'sukulu zogonera komweko. Ambiri ndi amuna. Asodzi kunyanja amadziphikira okha, palibe amene amawaseka. Zikuoneka kuti kuphika kumachititsa manyazi mwamuna pokhapokha akamaphikira ana ake popanda malipiro. Mwambo woterewu ukutipweteka ife tomwe. Mayi amadwala, amapita kuchikuta, amakadikirira matenda kuchipatala, amapita kumaliro kutali. Masiku amenewo ana amadya chiyani ngati bambo sadziwa ngakhale phala?

Ena akuti ana ali ndi sukulu, tisawachulukitsire ntchito. Mfundoyi ndi yoona mbali imodzi, koma tifunse kuti ndi mwana uti amene ntchito yamuchulukira. M'makomo ambiri mtsikana amaweruka kusukulu n'kuyamba kutunga madzi, kuphika ndi kutsuka mbale, pamene mlongo wake ali kumpira kapena akuwerenga. Mayeso akabwera timadabwa kuti mtsikana sanakhoze. Ana onse akadziwa kuphika ntchito imagawika, ndipo mtsikanayo amapeza nthawi yogwira buku.

Ena akuti ana a masiku ano safuna zakudya zakumudzi, amafuna tchipisi, mandasi ndi zakumwa za m'mabotolo. Sindikuti asadzalawenso tchipisi. Koma mwana amakonda chimene wazolowera, ndipo amanyadira chimene wapanga ndi manja ake. Ndaona mwana amene ankakana maungu akudya mbale ziwiri za futali chifukwa anaphika yekha. Tisaiwalenso kuti ife tomwe ndi amene tinawaphunzitsa kunyoza zakudyazi. Mlendo akabwera timabisa mbatata n'kutuma mwana kukagula buledi pangongole. Mwana amaona, ndipo amamva kuti mbatata ndi chakudya cha manyazi.

Palinso amene akuti zonse zili pa foni masiku ano, akadzafuna adzaonera pomwepo. Foni ikhoza kumuonetsa keke wa mu uvuni wa magetsi. Siingamuuze kuti nkhuni za mtengo uwu zimafuka utsi, kuti dzungu ili lakhwima chifukwa chikhadabo sichikulowa, kapena kuti nsima yapsa chifukwa yayamba kununkhira ndi kusiya m'mbali mwa mphika. Zimenezi zimachokera kwa munthu amene waima pambali pako.

Ndiye pali ana amene alibe munthu woima pambali pawo. M'midzi ndi m'madera mwathu muli ana amasiye, ana oleredwa ndi agogo amene maso ndi manja zatopa, atsikana amene anabereka ali aang'ono asanaphunzire kanthu, ndi anyamata okhala okha m'nyumba za lendi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ife amayi timakumana kawirikawiri, ndipo pakakhala ukwati kapena maliro timaphikira anthu mazanamazana osavutika. Luso tili nalo lochuluka. Bwanji osapatula Loweruka limodzi mu Meyi, aliyense abweretse chimene chili m'munda mwake, wina dzungu, wina mtedza, wina nkhuni, tiitane achinyamata a m'dera lathu, anyamata ndi atsikana? Lamulo likhale limodzi: tsiku limenelo mayi aliyense asagwire mthiko. Ntchito yathu ikhale kulangiza ndi kulawa. Sipafunika thandizo la bungwe lililonse, sipafunika ndalama za alawansi. Mafuwa atatu ndi miphika yobwerekana zakwana.

Ine ndinachedwa, koma sindinasiye. Masiku amene ndinakhala kwa mwana wanga, mpongozi wanga asanatuluke m'chipatala, ndinamukhazika bamboyo pa mbaula ndi ndevu zakezo. Tinasankha mbatata zimene zinali zisanaonongeke, anasenda yekha, anasinja yekha mtedza mu kamtondo kobwereka kwa aneba. Futali woyamba anachuluka madzi, wachiwiri anapserera pansi, wachitatu mdzukulu wanga anadya mpaka kunyambita supuni. Phala analidziwa tsiku limodzi lokha. Ndinkamuyang'ana akutakasa, ndikudzifunsa kuti chinandiletsa n'chiyani kumuonetsa zimenezi ali ndi zaka khumi, pamene maungu ankaolera kuseri kwa nyumba yathu.

Chaka chino ndatumizanso thumba. Patangopita masiku awiri anandiimbira foni madzulo, kufunsa ngati nyemba zoviika azithire mchere poyamba kapena zikafewa. Ndinamuuza kuti zikafewa, monga ndimachitira ine.

Maungu ali pakhonde, amayi anzanga, ndipo sakhalitsa. Loweruka likubwerali muitaneni mwana uja mumamuthamangitsa pamoto, mum'patse mpeni, mphika ndi mthiko, inu mukhale pampando.